Mukathyoka mafupa a m'chiuno pogwa pa hatchi: mungachire bwanji mpaka kudzakweranso?

Kuno ku Mangochi okwera hatchi si ambiri, koma kuvulala kumene tikukamba pano a kabaza wa njinga yamoto akukudziwa, chimodzimodzi amene adapsinjidwapo ndi ngolo. Wokwera hatchi kumamupeza m'njira ziwiri. Hatchi ikanjanja imamuponya m'mwamba, iye n'kudzatera ndi chinena kutsogolo kwa chishalo. Apo ayi hatchiyo imagwa n'kumugonera, chonsecho yaikulu imalemera makilogalamu 400 mpaka 500, ina kuposa apo.

Mafupa a m'chiuno adalumikizana ngati chibangili. Kutsogolo, pachinena, mafupa awiri amakumana atamangidwa ndi minyewa yolimba, ndipo kumbuyo amagwirana ndi fupa la kumapeto kwa msana. Chibangili chikathyoka pena, kawirikawiri chimakhala chagonjanso pena. N'chifukwa chake munthu angamadandaule pachinena pokha pamene vuto lalikulu lili kumbuyo. Dziwaninso kuti ululu umatha msanga fupa ndi minyewa zisanagwirane, ndipo ambiri amene amavulalanso kachiwiri amakhala kuti adakhulupirira kutha kwa ululuko.

1. Pamalo a ngozi: mangani chiuno, musamuimiritse

Chimene chimapha munthu tsiku loyamba si fupa ayi, ndi magazi otayikira m'kati. M'chiuno muli mitsempha ikuluikulu, ndipo munthu angataye malita angapo a magazi kunja osaoneka ngakhale dontho. Mukaona kuti watuwa, akutuluka thukuta lozizira, akupuma mofulumira kapena akulankhula zosamveka, n'kutheka kuti akutaya magazi m'kati, ndiye musachedwe.

Musamudzutse kuti muone ngati angayende, ndipo musamugwedeze chiuno poyesa ngati chathyoka. Tengani chitenje kapena nsalu yofunda, muipinde m'litali kuti ikhale yotambalala ngati zikhatho ziwiri. Iloweni pansi pa mawondo n'kuikweza pang'onopang'ono mpaka ifike pa tizigono tiwiri ta mafupa timene timamveka m'mbali mwa ntchafu, chakumtunda, molingana ndi chinena. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amamanga pamwamba, podutsa lamba wa buluku, ndipo pamenepo nsaluyo sitseka kanthu. Kokani molimba, mangani mfundo, kenako mangani pamodzi mawondo ndi akakolo, zala za kumapazi zitayang'ana m'mwamba.

Munyamuleni anthu anayi kapena asanu pa chitseko kapena thabwa, mutu ndi khosi zili molunjika ndi msana. Apite pa galimoto atagona. Pa njinga yamoto ayi, ngakhale mutakhala kutali ngati ku Makanjira. Musamupatse chakudya kapena chakumwa chifukwa angafunike opaleshoni.

Chinanso cha kwathu kuno kunyanja: tidazolowera kuti magazi mu mkodzo ndi likodzo. Munthu akagwa chonchi n'kumakodza magazi, kapena magazi n'kumaoneka kunsonga kwa njira ya mkodzo, kapena mkodzo osatuluka n'komwe, musati ndi likodzo lake lija. Chikhodzodzo kapena njira ya mkodzo ingakhale yang'ambika. Auzeni a chipatala mukangofika, asanaike paipi ya mkodzo.

2. Musatuluke m'chipatala musanamve mayankho awa

Pa chipatala cha boma cha Mangochi adzamujambula, ndipo kuthyoka kovuta amakutumiza ku zipatala zazikulu monga Zomba Central kapena Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku Lilongwe kulinso chipatala cha mafupa cha LION. Kulikonse kumene mungagonekedwe, funsani zinthu zinayi, ndipo mupemphe kuti azilembe m'buku lanu la kuchipatala: chiuno chathyoka pati ndi pati, kodi mafupawo ali m'malo mwake kapena akhoza kusuntha, mwendo uti mukuloledwa kupondera, ndipo ndi mphamvu yochuluka bwanji, mudzabwere liti kudzajambulitsanso.

Funso lachiwiri ndilo limalamulira zonse. Ngati athyoka ndi timafupa ta kutsogolo tokha ndipo chibangili chija chikadali chogwira, nthawi zambiri sipafunika opaleshoni, munthu amayamba kuyendera ndodo msanga, ndipo fupa limagwirana m'masabata 6 mpaka 12. Ngati chatseguka kutsogolo n'kugonjanso kumbuyo, madokotala amachimanga ndi zitsulo, zam'kati kapena zotulukira kunja, ndipo mwendo wa mbali yovulalayo suponda ndi mphamvu kwa masabata 6 mpaka 12. Kuti munthu wotere abwerere mwakale pamatenga miyezi 6 mpaka chaka, ena kuposa.

3. Konzani nyumba wodwala asanafike

Mphasa yapansi ndi chimbudzi chonyonyomala ndizo zimabwezera anthu m'mbuyo. Kudzuka pansi kumafuna kuti chiuno chipindike ndi kusenza thupi lonse nthawi imodzi. Pezani bedi lolimba lofika m'mawondo kapena kupitirira pang'ono. Likachepa ikani njerwa zokhazikika bwino pansi pa miyendo yake. Kalipentala aliyense angathe kuboola mpando wathabwa pakati kuti muziika ndowa pansi pake, kapena kuuika pamwamba pa dzenje la chimbudzi. Kubafa ikani mpando wina, ndipo pansi pasakhale ndere. Achisilamu, swala ya wodwala imaloledwa atakhala pampando kapena atagona, choncho musakakamize kugwada.

4. Masabata a pabedi

Pano adani ndi anayi: magazi kuundana m'miyendo, zilonda za pabedi, chibayo ndi kudzimbidwa. Onsewa amabwera chifukwa chogona osasuntha.

Ola lililonse muli maso, vinitsani mapazi, zala kuloza kumutu kenako kuloza kutsogolo, maulendo 20. Pumani mpweya wodzaza chifuwa maulendo 10. Ngati adakulemberani jakisoni kapena mapiritsi oletsa magazi kuundana, malizani masiku onse. Mwendo umodzi ukatupa, katumba n'kumapweteka ndi kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo musausisite. Kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa kapena kutsokomola magazi n'kutheka kuti nthuli ya magazi oundana yafika m'mapapo. Pamenepo simudikira kuti kuche.

Wodwala atembenuzidwe maola awiri aliwonse ngati dokotala walola. Ikani pilo pakati pa mawondo, mmodzi agwire phewa, wina chiuno, atembenuke thupi lonse pamodzi ngati chipika. Tsiku lililonse yang'anani pamchira wa msana, m'matako ndi zidendene. Malo akasintha mtundu, akalimba kapena kutentha kuposa pozungulira, chilonda chayamba ngakhale khungu lisanatseguke. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kumafulumizitsa zimenezi chifukwa thukuta limafewetsa khungu. Nsalu yoyala ikhale youma, yopanda makwinya ndi nyenyeswa za chakudya, ndipo pansi pa akatumba ikani pilo kuti zidendene zilendewere.

Za ululu: wamkulu wolemera makilogalamu oposa 50 angamwe mapiritsi awiri a panado a 500mg pakatha maola 6 aliwonse, osapitirira 8 pa tsiku. Brufen ndi diclofenac musamangogula pa golosale. Zingawononge m'mimba ndi impso, ndipo zimawonjezera kutaya magazi kwa amene akulandira mankhwala oletsa kuundana aja. Tramadol ndi morphine zimamanga m'mimba, ndipo kudzikakamiza kuchimbudzi uli ndi chiuno chothyoka ndi chizunzo chenicheni. Yambani papaya, mango, masamba ndi madzi osachepera malita awiri pa tsiku vutolo lisanafike.

Fupa limamangidwa ndi chakudya. Usipa ndi bonya zodyera limodzi ndi minga yake zimapereka kashiamu, ndiye onjezani nyemba, mazira, mtedza, mkaka, bonongwe. Fodya siyani, chifukwa amachepetsa magazi ofika pa fupa ndipo limachedwa kugwirana. Kuthowa ndi madzi otentha, kutema mphini kapena kulola munthu akoke mwendo kuti "abwezeretse fupa" kungasunthe zimene madokotala adalumikiza. Amene ali ndi zitsulo zotulukira kunja azitsuka pozungulira chitsulo chilichonse monga adawaonetsera anamwino, kansalu kakekake pa chitsulo chilichonse. Mafinya, fungo, kutentha thupi kapena chitsulo kugwedera, bwererani kuchipatala.

5. Ndodo zoyendera

Mukaimirira mowongoka, pakati pa khwapa ndi mutu wa ndodo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu, ndipo chogwirira chikhale molingana ndi pamene mumavala wotchi. Thupi lisenzedwe ndi manja. Mukamatsamira m'khwapa mumapana mtsempha, dzanja limachita dzanzi mpaka kulephera kutukuka. Poyenda, tsogozani ndodo, kenako mwendo wovulala, womaliza wabwino. Pokwera sitepe umayamba wabwino. Potsika zimayamba ndodo ndi wovulala. Mumchenga ndodo zimatitimira, choncho kugombe dikirani kaye.

Akakuuzani kuti mwendo uzingokhudza pansi, tanthauzo lake n'lakuti phazi ligunde pansi mopepuka moti dzira litakhala pamenepo silingasweke.

6. Kubwezeretsa mphamvu

Funsani a fiziyo pachipatala, akatswiri ophunzitsa ovulala masewera obwezeretsa mphamvu, kuti akuonetseni zoyenera kuthyoka kwanu; ofuna chithandizo cha nthawi yaitali amatumizidwanso ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Zoyambira zimachitika chogona chagada: kanikizani bondo pa matiresi masekondi 5, finyani matako masekondi 5, kokerani chidendene kumatako n'kuchibweza. Chilichonse maulendo 10, katatu pa tsiku. Kutukula mwendo wowongoka m'mwamba musakuyambe musanaloledwe, chifukwa kumakoka chiuno mwamphamvu kuposa mmene kumaonekera.

Mukaloledwa kuponda mokwanira, onjezani kutukula matako muli chagada mawondo opinda, kudzuka pampando osagwira, kutsegulira mwendo kumbali mutagwira khoma, ndi kufinya pilo pakati pa mawondo. Minofu ya m'mbali mwa matako ndiyo imaletsa kutsimphina. Ya m'kati mwa ntchafu ndiyo imagwira hatchi, ndipo imachokera pachinena penipeni pamene padavulala, choncho ifuna kuleza nayo mtima. Muyeso wake ndi uwu: ululu ukapitirira mpaka m'mawa mwake, dzulo mudachulutsa, chepetsani ndi theka. Musataye ndodo mukadatsimphina, chifukwa thupi limazolowera kayendedwe kopotoka ndipo msana umayamba kupweteka.

Kuyenda m'madzi ofika pachifuwa kumathandiza kwambiri popeza madzi amasenza thupi. Koma mabala akhale atapoleratu, ndipo dziwe losambira losamalidwa ndi mankhwala ndi labwino kuposa m'mabango a m'nyanja kapena mu Shire, mmene muli nkhono za likodzo, ng'ona ndi mvuu.

7. Zimene anthu amachita nazo manyazi

Mitsempha yolamulira mkodzo, chimbudzi ndi mphamvu za m'banja imadutsa m'chiuno momwemo. Mkodzo kudontha, mkodzo kutuluka mofooka, abambo kuchepa mphamvu, amayi kumva kuwawa pokhala malo amodzi, zonsezi zimachitika, ndipo si kulodzedwa. Zina zimachepa ndi nthawi, zina zili ndi chithandizo, koma dokotala sangadziwe mukapanda kunena. Dzanzi pakati pa miyendo limene langoyamba kumene, kulephera kugwira chimbudzi, kapena phazi kumakwekwereza pansi, zimenezo n'zofunika kuonedwa mwachangu. Mayi amene adathyokapo chiuno anene kusikelo ulendo woyamba, ndipo akachirire kuchipatala chochita opaleshoni.

8. Kukweranso

Kukhala motang'adza ndiko kumabwerera komaliza, chifukwa kumatsegula chiuno mbali yomweyo imene chidang'ambikira. Chilolezo chichokere kwa dokotala ataona chithunzi chatsopano. Kwa kuthyoka kopepuka sikawirikawiri kuloledwa miyezi itatu isanathe; kwa kuthyoka komangidwa ndi zitsulo yembekezani miyezi 6 kapena kuposa.

Musanayandikire hatchi dziyeseni pansi. Yendani mphindi 30 osatsimphina. Imani ndi mwendo wovulala masekondi 30 chiuno osapendekeka. Kwerani masitepe osagwira. Kenako gonekani thumba lodzaza chimanga pa benchi yolimba, mulikhalire motang'adza mphindi 10, mapazi ali pansi. Pachinena kapena kumbuyo pakalasa, simunakonzeke; yesaninso pakatha masabata awiri.

Tsiku loyamba sankhani hatchi yofatsa, yamsana wopapatiza, osati ija idakugwetsani. Wina aigwire chingwe. Kwerani kuchokera pa chinthu chokwera monga khonde kapena bokosi lolimba, kuti musadzikoke ndi mwendo umodzi kuchokera pansi, pakuti kupotoka kumeneko ndiko kumapweteka mfundo za kumbuyo. Valani chipewa cholimba. Hatchi iyende wamba pamalo osalala mphindi 10 basi. Potsika tsetserekerani pa chokwera chomwe chija, osadumpha. Mukadzuka bwino m'mawa mwake, onjezani mphindi 5 ulendo wotsatira, ndipo muzipumula tsiku limodzi pakati. Kuthamangitsa kudikire mpaka mutakwanitsa mphindi 30 za kuyenda wamba kwa masabata angapo popanda ululu, ndipo kulumpha zinthu kubwere pambuyo pa zonse. Mtima ukamagunda ndi mantha pongoona chishalo, yambani ndi kuipesa ndi kuiyendetsa muli pansi. Hatchi imamva miyendo yonjenjemera ndipo nayo imatekeseka.

Wa kabaza atsate ndondomeko yomweyi. Ayambe yekha, wopanda wokwera kapena katundu, pa tala wosalala, mphindi 10 mpaka 15. Ngati njinga ili yoliza ndi phazi, wina amulizire masabata oyamba. Misewu yafumbi ya mabampu ndi zitunda za ku Namwera zidikire mpaka atatha sabata yathunthu pa tala osamva kanthu usiku.