Kukasewera VR yoyendayenda: muyambire pati?

Achimwene ena a ku Kapata kuno ku Chipata afunsa kuti akupita kukaona abale ku London ndipo akufuna kukalawa masewera a VR oyenda momasuka m'holo, momwe munthu amavala chipangizo kumaso n'kumaona ngati ali m'dziko lopangidwa ndi kompyuta. Achite bwanji?

Choyamba, sungitsani malo pa intaneti masiku akadalipo. Ku Zero Latency, kampani ya masewerawa yomwe inatsegula bwalo lake loyamba ku Melbourne mu 2015, amalowa anthu osapitirira 8 nthawi imodzi, choncho Loweruka malo amatha msanga. Ngati muli ndi ana, funsiranitu za zaka zovomerezeka.

Valani nsapato zotseka ndi zovala zopepuka. Mapatapata asiyeni kunyumba, thukuta lidzatuluka.

Tsopano nkhani ya m'mimba. Ngati mumachita nseru m'basi pamakhotakhota a ku Luangwa popita ku Lusaka, musakhute nsima musanalowe. Chizungulire chimabwera maso akamaona kuti mukuyenda mwina pomwe thupi likumva mwina. Ubwino wa bwalo lotereli ndi woti miyendo imayendadi, ndiye ambiri savutika kwenikweni. Komabe mutu ukayamba kuzungulira, imani, muuze woyang'anira. Palibe chamanyazi.

Fikani mwamsanga kuti akufotokozereni malamulo. Akakuvekani chipangizo cha kumaso, chikonzeni mpaka zithunzi zioneke bwino, kenako landirani mfuti yamasewera.

Mukalowa, yendani, osathamanga ayi. Chenjezo likaonekera m'maso, ndiye kuti khoma kapena mnzanu ali pafupi, bwererani m'mbuyo pang'ono. Masewera ambiri amatenga mphindi pafupifupi 30.