Nyama yogundidwa pamsewu ilembedwe: malangizo kwa madalaivala athu a mu Harare

Ambiri a ife olankhula Chichewa muno mu Harare timadyera pamsewu. Ena amayendetsa malole opita ku Chirundu ndi ku Beitbridge, ena mabasi olowera ku Nyamapanda, Tete mpaka Blantyre, ena magalimoto okatenga tomato ku Mutoko usiku kuti kukamacha apezeke pa Mbare Musika. Mukakhala nawo pansi, aliyense ali ndi nkhani ya nyama: ng'ombe yogona paphula kupitirira Murewa, ngoma yodumphira kutsogolo kwa galimoto cha ku Makuti, abulu a ku Beitbridge omwe sasuntha ngakhale muwalizire hutala. Nkhanizi zimathera pakamwa, kapena mu uthenga wa mawu pa WhatsApp womwe pofika mawa wakwiririka kale. Pempho langa kwa inu, abale anga, ndi loti tiyambe kuzilemba mwadongosolo, chifukwa kumayiko kumene anayamba kale kutero, zolembazo ndi zimene zinawauza pomanga mpanda ndi pochepetsa liwiro.

Ku America kuli nyama yotchedwa deer, yofanana ndi mbawala kapena nswala zathu, ndipo ilipo yambirimbiri. Lipoti lomwe nthambi yoona za misewu inapereka ku nyumba ya malamulo ya dzikolo mu 2008 linati chaka chilichonse pamachitika ngozi zapakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni zowombana ndi nyama zikuluzikulu, anthu pafupifupi 200 amamwalira, ena 26,000 amavulala, ndipo ndalama zolowa m'madzi zimaposa madola 8 biliyoni. Zambiri mwa ngozizi ndi za deer. Manambalawa sanachite kuwalota. Anachokera m'mabuku a apolisi, a makampani a inshuwalansi, ndi a anthu ogwira ntchito yochotsa nyama zakufa m'misewu. Kampani ya inshuwalansi ya State Farm imatulutsa chiwerengero chake chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka zambiri chigawo cha West Virginia ndicho chakhala patsogolo, miyezi yoopsa kukhala Okutobala, Novembala ndi Disembala, nyengo imene nyamazi zimathamangitsana pofuna kukwerana.

Masiku ano zolembedwa zotere zimasungidwa m'makompyuta, ndipo munthu angathe kuziphatikiza ali pampando. Mu 2022 akatswiri a pa University of Washington anaunika ngozi zoposa 1 miliyoni za m'zigawo 23. Anapeza kuti patadutsa maola awiri dzuwa litalowa, ngozi za deer zimachuluka ka 14 kuyerekeza ndi maola awiri dzuwa lisanalowe. Anapezanso kuti sabata imene dzikolo limabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, kumayambiriro kwa Novembala, ngozi zimakwera ndi 16 pa 100 iliyonse. Nyama sizidziwa wotchi. Chimene chimasintha ndi chakuti anthu oweruka kuntchito amapezeka pamsewu kutada kale.

Apa ndi pamene ife tiyenera kutchera khutu. Kuno sitisintha mawotchi, koma dzuwa limatisinthira lokha. Mu Juni limalowa cha m'ma 5:30, pamene mu Januwale limafika 6:30 likuonekabe. Ndiye kuti m'nyengo yozizira basi yonyamuka mu Harare masana imafika kumadera a ziweto ndi nyama zakuthengo kukuchita chisisira, nthawi yomweyo imene ng'ombe zikubwerera kukhola ndipo nyama zakuthengo zikutuluka kukadya. Onjezanipo chilimwe, Ogasiti mpaka Okutobala, madzi akauma ndipo nyama zikuwoloka msewu kufuna pomwera. Onjezanipo msipu wophukira palupsa m'mbali mwa phula, womwe umakoka mbuzi ndi agwape. Zonsezi timazidziwa m'mutu. Koma mukapita kwa oyang'anira msewu n'kunena kuti pamalo akuti pamafunika chikwangwani, funso loyamba lidzakhala lakuti: zinachitika kangati, liti, pati penipeni?

Si boma lokha limene lingayankhe funsoli. Ku California, gulu la pa yunivesite ya ku Davis linatsegula mu 2009 tsamba lotchedwa California Roadkill Observation System, pomwe munthu wamba amalembapo nyama yogundidwa imene waiona. Ku Britain, Cardiff University inayamba ntchito yotereyi mu 2013 pa dzina la Project Splatter, imene pano ikutchedwa The Road Lab. Kwa aneba athu ku South Africa, bungwe la Endangered Wildlife Trust lakhala likusonkhanitsa malipoti otere kuchokera kwa anthu oyenda ndi ogwira ntchito m'misewu. Onsewa chida chawo chachikulu ndi foni yomwe inunso muli nayo m'thumba.

Kalembedwe kake n'kotere. Choyamba ndi malo, ndipo apa ndi pamene malipoti ambiri amafera. "Cha ku Karoi" si malo. Msewu wa cha ku Karoi ndi wautali. Pa WhatsApp tumizani chizindikiro cha pamene mwaima, kapena pa Google Maps dinani ndi kugwira chala pamalopo mpaka manambala aoneke, n'kuwakopera. GPS ya foni imagwira ntchito ngakhale netiweki palibe, choncho jambulani zimene zili pagalasi la foni, mudzatumiza mukafika popezeka netiweki. Ngati foni yathima, yang'anani chikhomo cha makilomita m'mbali mwa msewu, chomwe apolisi amatchula polemba ngozi, ndipo lembani nambala yake papepala.

Kenako tsiku ndi ola, mtundu wa nyama, ndi mmene malowo alili. Lipoti labwino lingamveke chonchi: Lachinayi, 6:10 madzulo, msewu wa Chirundu pakati pa Karoi ndi Makuti, chikhomo chakuti, ngoma yaikazi, magazi akadali aawisi, udzu wautali mbali zonse ziwiri, pali khwawa pafupi, mpanda palibe. Mwaona mawu akuti yaikazi? Ngoma, nswala ndi mbawala zazikazi zilibe nyanga, ndiye n'zosavuta kuzindikira, ndipo n'zofunika: mukaona kuti mu Epulo ndi Meyi zikufa kwambiri ndi nswala zamphongo, mwagwira nyengo yawo yokwerana. Lembaninso ngati nyamayo yangofa kumene kapena yauma kale, chifukwa ola limene mwaiona si ola limene inagundidwa. Ngati simukudziwa mtundu wake, nenani kuti simukudziwa ndipo jambulani chithunzi chooneka mutu ndi mapazi, nsapato yanu ili pambali kuti kukula kwake kudziwike. Lipoti longopeka dzina limawononga kuposa lipoti lopanda dzina.

Ndikuchondereni pa chinthu chimodzi. Dalaivala asagwire foni galimoto ikuyenda. Ntchito imeneyi ndi ya kondakitala kapena wothandiza. Musaime pokhota kapena pachitunda chifukwa cha chithunzi. Ndipo kuyambira Makuti kutsika ku Marongora mpaka Chirundu musatsike n'komwe. Kumeneko kuli njovu, mikango ndi afisi, ndipo nyama yakufa ndiyo imaitana zilombo. Chizindikiro cha malo chotumizidwa muli m'galimoto n'chokwanira.

Malipotiwa akhale ndi kwawo. Gulu la madalaivala, la kumpingo, la kumzikiti kapena la maliro lisankhe munthu mmodzi wodziwa kompyuta kuti sabata iliyonse azichotsa malipoti pa WhatsApp n'kuwaika mundandanda wa Google Sheets, ngozi iliyonse mzere wake. Amene akufuna fomu yodzaza popanda netiweki angagwiritse ntchito KoboToolbox. Za nyama zakuthengo mungaziikenso pa iNaturalist, pomwe odziwa nyama a m'mayiko osiyanasiyana amathandiza kuzindikira mtundu poona chithunzi. Koma nyama zosowa monga ngaka, makamaka mukaiona yamoyo, musalengeze malo ake pagulu kapena pa Facebook. Uzani a ZimParks okha, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakuthengo, chifukwa opha nyama mozemba nawonso ali ndi mafoni.

Tsopano pa kuwerenga zimene mwasonkhanitsa, ndi pamene pamafunika mutu wozizira, ndipo ofufuza a kunja nawonso amapunthwa pomwepa. Mapu akadzaza timadontho toonetsa pamene panapezeka nyama zogundidwa, maso amathamangira pamene tachuluka. Koma timadontho timatsata anthu olemba, osati nyama zokha. Ngati pagulu panu madalaivala khumi amayenda msewu wa Nyamapanda ndipo mmodzi yekha ndiye amapita ku Chirundu, mapu adzanama kuti ku Chirundu kuli bata. Mankhwala ake ndi osavuta koma ambiri amawanyoza: lembaninso maulendo amene simunaone kanthu. "Harare mpaka Kotwa, m'mawa, palibe" ndi lipoti lathunthu. Mlimi wolemba za mvula amalembanso masiku amene sinagwe, apo ayi sangadziwe kuti chilala chinayamba liti. Mukakhala ndi chiwerengero cha maulendo, mungathe kunena kuti pa maulendo 100 aliwonse pamsewu wakuti timapeza nyama zingati, ndipo pamenepo misewu iwiri ingayerekezedwe mwachilungamo.

Pali zina zosokoneza. Ng'ombe imodzi yakufa ingalembedwe ndi anthu asanu odutsa nthawi zosiyana, choncho wosunga mndandanda aziphatikiza malipoti a malo amodzi, nyama imodzi, masiku oyandikana. Nyama zing'onozing'ono monga akalulu ndi akadzidzi sizikhalitsa paphula, agalu ndi akhwangwala amazichotsa msanga. Ngoma yovulala imathawira kutchire n'kukafera komweko osaonedwa. Mbuzi yogundidwa pafupi ndi mudzi mwini wake amainyamula. Choncho chiwerengero chanu nthawi zonse chidzakhala chochepa poyerekeza ndi zenizeni. Ndipo zimene mwatola pa Facebook kapena m'nyuzi za pa intaneti muziike padera. Kumeneko kumatuluka ngozi zoopsa zokha, za njovu ndi mabasi, ndipo chithunzi cha zaka zapitazo, mwina cha dziko lina, chimazungulira ngati cha dzulo. Lipoti lopanda tsiku ndi malo otsimikizika lisalowe mumndandanda waukulu.

Chenjezo lina ndi la kasamalidwe ka nyama. Ku America zigawo zambiri zimachepetsa deer polola alenje kupha zazikazi, ndipo chiwerengero cha ngozi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimaunikidwa. Koma ngozi zikachuluka sizitanthauza kuti nyama zachuluka basi. Mwina magalimoto ndiwo achuluka, mwina msewu waukonza ndipo liwiro lakwera, mwina mpanda wabedwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 wa chigawo cha Wisconsin anaonetsa kuti mimbulu itabwerera m'maboma ena, ngozi za deer zinatsika ndi 24 pa 100 iliyonse, ndipo gawo lalikulu la kutsikako silinabwere chifukwa mimbulu inadya deer zambiri ayi, koma chifukwa deer zinayamba kupewa misewu imene mimbulu imakonda kulondola. Khalidwe la nyama ndi maonekedwe a malo zimalemera kuposa chiwerengero chokha. Ine sindingakondwe kuona mndandanda wathu ukugwiritsidwa ntchito popempha kuti ngoma ziphedwe, pamene vuto lenileni ndi udzu wosatchetcha ndi liwiro la usiku.

Nanga chimathandiza n'chiyani malo oopsa akadziwika? Umboni wamphamvu uli pa mpanda wophatikiza ndi powolokera nyama. Ku Banff, m'dziko la Canada, msewu waukulu unatchingidwa ndi mpanda n'kumangidwa milatho 6 ya nyama pamwamba ndi njira 38 zapansi, ndipo ngozi zowombana ndi nyama zikuluzikulu zinatsika ndi zoposa 80 pa 100 iliyonse. Ife sitingayambire pamenepo, koma phunziro lake ndi lathu: mpanda waufupi wopanda powolokera umangosamutsira ngozi kumapeto kwake, ndipo ngoma imadumpha waya wa ng'ombe ngati palibe kanthu. Zikwangwani zokhalitsa chaka chonse maso amazizolowera. Choikidwa pamalo enieni m'miyezi yeniyeni ndi chimene dalaivala amachiona. Timalikhweru tomata pabampala, tomwe amati timathamangitsa nyama, ofufuza sanatipeze ndi phindu, ndiye musatayirepo ndalama.

Mukalemba kwa chaka chathunthu, kuti nyengo zonse zilowemo, sankhani malo awiri kapena atatu oipitsitsa ndipo lembani kalata ya tsamba limodzi yokhala ndi mapu, chiwerengero cha ngozi ndi cha maulendo. Za nyama zakuthengo zipite ku ZimParks, za chitetezo cha pamsewu ku Traffic Safety Council of Zimbabwe, za ziweto kukhonsolo ya deralo ndi kwa mafumu, popeza eni ng'ombe ali m'midzi yawo. Pemphani chinthu chotheka ndi chotchulika: kutchetcha udzu pakati pa chikhomo chakuti ndi chakuti, kukonza waya woduka, chikwangwani cha miyezi ya chilimwe.

Pamene mukudikira yankho, mndandandawo uyambe kugwira ntchito pagulu panu pomwepo. Mwezi uliwonse wosunga atumize malo ndi maola oopsa kuti wonyamuka usiku adziwiretu. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Pa 60 ndi mamita 17. Ng'ombe yakuda paphula lakuda mumaiona mochedwa, ndiye kusiyana kumeneku ndi kumene kumakupatsani mpata woponda mabuleki. Mukaona nswala imodzi yawoloka, yembekezani zinzake. Pondani mabuleki mwamphamvu muli mumzere wanu. Kukhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi ndi kumene kumagubuduza basi kapena kukuperekani kwa lole yobwera kutsogolo. Ndipo zikachitika kuti mwagunda, dziwitsani apolisi, koma nyamayo musaiponye m'galimoto kuti ikakhale ndiwo. Kupezeka ndi nyama yakuthengo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo imene mwaipeza itafa kale simukudziwa chimene chinaifooketsa, m'dziko limene matenda a anthrax amabuka kawirikawiri pa ng'ombe ndi nyama zakuthengo.