Chiberekero chikatsika: opaleshoni inde, koma a fizio musawadumphe

Amayi anzanga, ngati mukumva kulemera kunsi ngati pali chinthu chikufuna kutuluka ku njira yoberekera, makamaka madzulo mutaima tsiku lonse pa msika wa Soweto kapena mutachapa mulu wa zovala, mwinanso mkodzo ukudontha mukatsokomola kapena sukutha bwino mukakodza, dziwani kuti si ufiti ndipo simuli nokha. Pansi pa chiuno pali minofu imene imanyamula chiberekero, chikhodzodzo ndi thumbo la chimbudzi, ikafooka zinthuzi zimatsika. Kubereka kangapo, mwana wamkulu, kuchedwa pa leba, kusiya kusamba, chifuwa chosatha, kudzimbidwa, kusenza zolemera zaka ndi zaka, zonsezi zimaifooketsa. Chonde mankhwala oika kunsi aja asiyeni, sakweza kanthu, amangobweretsa zilonda.

Yambani ku kiliniki kapena chipatala cha kwanu, kaya Matero, Chawama, Kanyama, Chilenje, akuoneni, ikakhala yaikulu adzakulemberani rifaro ya ku zipatala zazikulu za mu Lusaka, UTH kapena Levy. Madokotala amayeza kutsikaku kuyambira siteji 1 mpaka 4. Ikakhala 1 kapena 2 nthawi zambiri amayamba ndi ma ekisasaizi kwa miyezi ngati 4, ena amawaika pesare, kamphete kofewa kogwirizira chiberekero mkati. Koma chikafika potulukira panja, ma ekisasaizi okha sangachibweze, apo ndi pesare kapena opaleshoni. Tsono tsiku lomwe akupatsani deti, funsani pomwepo za a fizio, akatswiri ophunzitsa ma ekisasaizi olimbitsa minofu, kuti "adokotala, nanga kwa a fizio mungandilembere?" Musaope kufunsa, pamzere anthu ndi ambiri ndipo sikuti aliyense adzakumbukira kukuuzani.

Chifukwa chake ndi ichi. Opaleshoni imasoka pamene pang'ambika, monga telala asokera chitenje choberekera mwana, koma mphamvu ya minofu ndi mmene mumanyamulira zinthu dokotala sangakusokereni. Sindikunena kuti fizio ndi galanti yoti sichidzatsikanso, ayi, chimatha kubwerera ngakhale mwachita zonse bwino. Koma imathandiza pa kudontha kwa mkodzo, imachepetsa kulemera kuja pamene mukudikira deti, ndipo kuphunzira kufinya musanachekedwe nkosavuta kusiyana ndi kuphunzira muli ndi ululu wa ma stichi.

Ekisasaizi yake ndi ija amati Kegel, dzina la dokotala wa ku America, Arnold Kegel, amene anaifotokoza mu 1948. Gonani chagada, pindani mawondo. Finyani kumbuyo monga mumachitira poletsa mpweya kutuluka muli pagulu, kenako kutsogolo monga mukugwira mkodzo, nkukokera zonse mkati ndi m'mwamba. Matako asalimbe, ntchafu zisapanane, ndipo pumani, ambiri amagwira mpweya nkumakankhira pansi osadziwa, kumeneko nkuonjezera vuto. Gwirani masekondi 3 kapena 5 poyamba, masulani kwathunthu nthawi yofanana, bwerezani mpaka ka 10. Kumasulako nkofunika chimodzimodzi ndi kufinya. Mukazolowera kwezani pang'onopang'ono mpaka masekondi 10, muonjezere zofinya mwachangu 10, katatu pa tsiku, mutagona, kenako mutakhala, pomaliza mutaima. Musamayeserere pokodza tsiku ndi tsiku, chikhodzodzo chimasokonezeka. Ngati simukumva kalikonse kakusuntha ndiye ntchito ya a fizio imeneyo, amakuyezani nkukuuzani ngati mukukoka kapena mukukankha. Zotsatira musaziyembekeze sabata imodzi, zimatenga miyezi 3 kapena kuposa.

China chaching'ono koma chothandiza maningi: musanatsokomole, musanayetsemule, musananyamule mwana, finyani kaye.

Manje opaleshoni yachitika. Mudzadzuka mwina muli ndi kapaipi ka mkodzo, ma ekisasaizi dikirani kachotsedwe ndipo dokotala kapena a fizio akuuzeni kuti yambani, poyamba mofewa chabe mutagona. Podzuka pabedi tembenukirani chammbali, tsitsani miyendo, dzikankheni ndi dzanja. Kuyenda yambani msanga, pang'ono m'wodi, kunyumba kuzungulira yadi, zimathandiza kuti magazi asaundane m'miyendo.

Apa ndiye pamene ndikufuna tikhalepo, chifukwa mpamene amayi ambiri amagwera. Adzakuuzani kuti masabata 6 osanyamula zolemera, ena mpaka 12 pa ntchito yaikulu, inu nkuvomera kuti inde adokotala, koma kunyumba pompi yauma ndipo chigubu cha malita 20 ndi makilo 20 athunthu. Saka la malasha, thumba la ufa la 25kg, bafa la zochapa, mdzukulu wofuna kuberekedwa, katundu wa oda wokwera naye minibasi. Ndiye nkhani yoti adzatunga madzi ndani ikambidwe musanapite ku thiyeta, osati mutabwera. Khalani pansi ndi abambo a kunyumba, ana akuluakulu, achemwali, amayi a ku tchalitchi, mugawane masiku. Abambo, izi si ulesi, mkati muli ulusi umene sukuoneka. Ngati palibiretu wothandiza tungani mu kabotolo ka malita 2, maulendo ambiri, ndipo bizinesi ya pamsika mupeze wokugwirirani. Mukadzaloledwa kunyamula, pindani mawondo, katundu pafupi ndi thupi, finyani, tulutsani mpweya pokweza.

Kudzimbidwa nako ndi mdani wa ma stichi. Imwani madzi okwanira, ndiwo zamasamba zisasowe, chibwabwa, kalembula, repu, delele, papaya akapezeka, ndipo nsima ya rola imathandiza m'mimba kuposa ya bulekifasi. Ku toileti osadzikakamiza. Ngati ndi yokhalira ikani kampando kapena njerwa pansi pa mapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno, weramirani kutsogolo, mimba imasuke. Zikavutabe pemphani mankhwala ofewetsa chimbudzi. Chifuwa chikakhala chosatha kayezetseni, kutsokomola kulikonse kumakankha pamene anasoka.

Za kugona ndi abambo dikirani masabata 6 ndi riviu, dokotala aone kuti mwapola. Mukayamba nkumva kuwawa musapirire mwakachetechete, nenani, nthawi zina minofu imakhala yomangika kwambiri ndipo a fizio amaphunzitsanso kuimasula, komanso kwa amene anasiya kusamba pali mafuta ndi kirimu zothandiza kuuma.

Thupi likatentha, magazi akamatuluka ambiri, kukamatuluka zonunkha, mkodzo ukakana, mwendo umodzi ukatupa ndi kuwawa kapena mukabanika, musadikire deti ya riviu, pitani tsiku lomwelo. Ndipo ma ekisasaizi aja musawasiye mukachira, pakapita miyezi ingapo kamodzi pa tsiku nkokwanira kusunga mphamvu. Kulemera kuja kukadzayambanso bwererani msanga ndi khadi lanu, pesare imathekabe ngakhale kwa munthu amene anachitidwapo kale opaleshoni.