Momwe mungakhalire dokotala katswiri wogonetsa odwala pa opaleshoni, ndi momwe mungawolokere mayeso ake

Wachibale akalowa ku fiyeta, anthu otsala pabenchi panja amakhala ndi funso limodzi: "Kodi watsitsimuka?" Mwini funso limeneli ndi uja amakhala kumutu kwa wodwala, maso ali pa makina, khutu lili tcheru ku kulira kwa pulse oximeter, kamakina kapachala koyeza okosijeni m'magazi. Kuno kwathu, makamaka m'zipatala za m'maboma, ntchitoyi yagona pa ma clinical officer ogonetsa odwala, amene ku chipatala timangowatchula kuti ma ACO. Pakanapanda iwowa, amayi ambiri ofunika kuchira kudzera pa opaleshoni bwenzi akutsikira kuli chete. Koma madokotala amene anachita ukatswiri pa ntchitoyi ndi owerengeka. Bungwe la WFSA, lomwe limaimira ogonetsa odwala padziko lonse, limati pa anthu 100,000 alionse pazikhala madokotala otere osachepera 5. Dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni ndiye kuti likufunika 1,000. Ife sitinayandikire n'komwe.

Ngati ndinu dokotala wachinyamata kapena muli kusukulu ya udokotala ndipo mtima ukukukokerani kumutu kwa wodwala, njira yake nayi.

Yambani mwalawa ntchitoyo

Za poyambira n'zodziwika: digiri ya MBBS, miyezi 18 ya internship, kenako kalembera ku Medical Council of Malawi. Chimene ambiri amalumpha ndi kulawa. Musanalembe kalata yofunsira malo, pemphani kuti mugwireko ntchito ku dipatimenti ya ogonetsa kwa miyezi ingapo, mugoneko ku fiyeta ya amayi oyembekezera ndi ku ICU. Ntchito iyi imatha kukhala phee kwa maola atatu, kenako n'kusanduka nkhondo m'masekondi 30. Ena zimawakomera, ena zimawadwalitsa, ndipo ndi bwino kudzidziwa msanga. Komanso amene adzakulembereni kalata ya umboni ndi omwewo anakuonani mukugwira maski.

Mukakhala kumeneko musanyoze ma ACO. Amene wabaya ma spinal kwa zaka 20 ali ndi zambiri m'zala zake zimene buku silingakupatseni.

Sankhani khomo lolowera

Khomo lapafupi ndi digiri ya ukatswiri ya MMed ya ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yunivesite imene inabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Maphunzirowa ndi a zaka zinayi, ndipo ntchito yambiri imagwiridwira pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.

Lachiwiri ndi CANECSA, koleji ya madokotala ogonetsa odwala ya maiko a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa. Likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi ena mwa mamembala. Ilibe makalasi a njerwa. Mumaphunzira mukugwira ntchito pa chipatala chimene kolejiyo inachivomereza, n'kulemba mayeso m'magawo awiri, Membership kenako Fellowship. Ubwino wake ndi wakuti amene akukuyesani ndi ochokera m'maiko angapo, ndiye pepala lanu limamveka kunja kwa malire athu.

Ku South Africa kuli FCA(SA), yomwe ili ndi Part I ndi Part II pansi pa Colleges of Medicine of South Africa, ndipo simungagwire wodwala kumeneko musanalembetse ku HPCSA, bungwe lawo lolembetsa madokotala. Ku Britain kuli FRCA ya Royal College of Anaesthetists, Primary ndi Final, mkati mwa maphunziro a zaka 7, ndipo chipata chake ndi GMC, bungwe lolembetsa madokotala kumeneko. Palinso dipuloma ya EDAIC ya ku Ulaya, imene ena amalemba ngati yowonjezera.

Maganizo anga ndi awa: ngati mukufuna kudzagwira ntchito kuno, phunzirirani kuno kapena m'chigawo chino, n'kupita kunja kwa kanthawi kukaona zimene kuno n'zosowa, monga kugonetsa odwala a opaleshoni ya mtima. Khomo lililonse lomwe mungasankhe, tengani silabasi ndi malamulo a mayeso a chaka chimenecho pa webusayiti yawo, chifukwa amasintha. Ndipo nkhani ya ndalama muimalize musanayambe. Akulipirirani ndani? Ngati muli m'boma, tchuthi cha maphunziro chavomerezedwa mwa kalata? Mudzabweza zaka zingati? Munthu amene akuthamangira maganyu m'zipatala za pulayiveti kuti apeze ya lendi sawerenga.

Tsegulani logbook tsiku loyamba

Wodwala aliyense amene mwamugonetsa alowe m'buku tsiku lomwelo: zaka zake, gulu lake la ASA (muyezo wa thanzi lake asanagonetsedwe), opaleshoni yanji, mwagonetsa bwanji, amakuyang'anirani ndani, chinavuta n'chiyani. Dzina la wodwala ayi. Akuluakulu azisaina zinthu zikadali zamoto. Kulemba logbook ya chaka chonse kutatsala sabata imodzi ndi bodza, ndipo oyesa amalinunkhiza. Muzilisanthulanso miyezi itatu iliyonse. Mukaona kuti ma spinal a amayi afika mazanamazana koma makanda ndi opaleshoni za m'mutu n'zochepa, kadandauleni kwa wokonza ndandanda ya ntchito nthawi ikadalipo.

Gawo loyamba: sayansi muiphunzirire pa wodwala

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mayeso oyamba, kaya ndi a koleji iti, amazungulira pa physiology, pharmacology, physics ndi kayezedwe ka zinthu, kuphatikizapo anatomy. Munthu amachoka ku fiyeta ali lefu, n'kutsegula buku pa tsamba loyamba ngati akuwerenga nthano, ndipo pofika Lachisanu zonse zauluka. Njira imene imagwira ndi yotembenuza: wodwala wa lero ndiye akuuzeni mutu woti muwerenge usiku uno.

Tiyerekeze mwabaya spinal mayi woyembekezera, ndipo pasanathe mphindi zisanu BP yagwa, mayi akuti akumva mseru. Mwamupendeketsa kumanzere, mwatsegula diripu, mwapereka ephedrine, wakhala bwino. Madzulo dzifunseni chifukwa chake. Bupivacaine wagoneka mitsempha ya sympathetic, mitsempha ya magazi yatakasuka, ndipo chiberekero chikupsinja inferior vena cava kotero magazi obwerera kumtima achepa. Nanga ephedrine amasiyana bwanji ndi phenylephrine, ndipo n'chifukwa chiyani mabuku amakonda wachiwiriyu kwa amayi oyembekezera? Usiku umodzi mwagwira mitu itatu, ndipo simudzaiwala chifukwa nkhope ya mayi uja ili m'mutu.

Chimodzimodzi ndi makina. Concentrator ya okosijeni imene ikung'ung'uza pakona imachotsa nitrogen mumpweya pogwiritsa ntchito zeolite, ndipo okosijeni wake sapitirira pafupifupi 95 peresenti. Kamakina kapachala kaja kamawala ndi kuwala kwa mitundu iwiri, 660 ndi 940 nanometres. Wodwala amene wagona ndi mbaula m'chipinda chotseka mwezi wa June akhoza kuonetsa nambala yokongola chonsecho carbon monoxide wadzaza m'magazi, chifukwa kamakinako sikasiyanitsa. Mwana wopsa ndi moto amene wabwera patapita sabata akukumbutseni chifukwa chimene suxamethonium angamuimitsire mtima pokweza potaziyamu. Zonsezi ndi mafunso a mayeso, ndipo zikukudutsani m'manja tsiku ndi tsiku.

Pali zina zongofunika kuloweza, palibe kuchitira mwina: MAC (muyezo wa mphamvu ya mpweya wogonetsa) ya halothane 0.75, ya isoflurane pafupifupi 1.2, ya sevoflurane pafupifupi 2. Ma graph muzijambula ndi dzanja mpaka atuluke okha. Oxygen dissociation curve ijambuleni ndi mizere yolembedwa maina ndi manambala, P50 ili pamalo pake. Yambani mafunso akale miyezi isanu ndi umodzi mayeso asanafike, mukudziyika pa wotchi. Mafunso osankha yankho limodzi lopambana amapusitsa chifukwa mayankho awiri kapena atatu amakhala oona, koma ofunika ndi amene mungayambe kuchita kwa wodwala ameneyo. Ndipo musadalire mabuku a ku Ulaya okha. Malungo, kuchepa magazi, sickle cell, HIV ndi mankhwala ake, ketamine ndi makina ogonetsera a draw-over ndi nkhani zimene oyesa a m'chigawo chino amazidziwa m'manja.

Mayeso apakamwa: apa m'pofunika kukhalitsa

Viva, imene ena amaitcha SOE, ndi pamene mumakhala moyang'anizana ndi oyesa awiri, wotchi ikuyenda. Pali chinthu chimodzi chimene chimatipweteka ife Amalawi. Tinaleredwa kuti pamaso pa akuluakulu tiziyang'ana pansi, tizilankhula motsitsa, tisamafulumire kuyankha. Kumudzi umenewo ndi ulemu. Pa viva woyesa amaona munthu wokayika amene sangamusiyire wodwala usiku. Dzutsani mutu, lankhulani momveka, ndipo nenani chimene mungachite inuyo, osati chimene "ena amachita".

Mayesowa amachitika m'Chingerezi, koma kayendedwe kake n'kotere. Woyesa akuti: "Mayi wa zaka 19, mimba yoyamba, BP 180 pa 115, wakomoka kawiri kunyumba, mtima wa mwana ukutsika. Madokotala a amayi akufuna kumung'amba pompano. Mutani?"

Wosakonzeka amalumphira pa mankhwala ogonetsa. Wokonzeka amayamba ndi kutchula chimene wachiona: iyi ndi eclampsia, ndi ngozi, miyoyo ndi iwiri koma woyamba kukhazikitsa ndi mayi. Aitana wamkulu wake, aona njira ya mpweya, apereka okosijeni, amugoneka chakumanzere, magnesium sulphate, atsitsa BP, afunsa ma platelet.

"Ma platelet ndi 45."

Ndiye kuti spinal yatsekeka chifukwa magazi angatayikire mkati, n'kuunjikana n'kupsinja mtsempha wa pamsana. Agonetsa thupi lonse, podziwa kuti kukhosi kungakhale kotupa, m'mimba muli chakudya, BP ingakwere poika chubu, ndiponso magnesium amatalikitsa mphamvu ya mankhwala ofoola minofu.

"Chubu chakana kulowa."

Apa ndi pamene woyesa amafunadi kukumvani. Wodwala safa chifukwa chubu sichinalowe, amafa chifukwa okosijeni sanafike. Nenani kuti mulengeza vutolo mokweza, muitana thandizo, simupitiriza kukhotakhota pakhosi, mubwerera ku maski kapena laryngeal mask, ndipo zonse zikakanika mutsegula pakhosi kutsogolo.

Mwaona kuti funso limakula malinga ndi yankho lanu. Woyesa akakudulani pakamwa sikuti mwalakwa, nthawi zambiri wamva zimene amafuna ndipo akuthamangira funso lina lokhala ndi malikisi. Mukafika poti simukudziwa, nenani kuti simukudziwa, apite patsogolo. Kupeka mlingo wa mankhwala ndi tchimo lalikulu kuposa kusadziwa, pakuti yankho loti lingaphe munthu limafufuta zabwino zonse munanena.

Palinso msampha wa kwathu kuno. Akakufunsani za malignant hyperthermia, kutentha thupi koopsa kobwera ndi mankhwala ena ogonetsa, musayankhe kuti "mankhwala ake a dantrolene kwathu kulibe". Akakufunsani mungatsimikize bwanji kuti chubu chili m'malo mwake, yankho loyamba ndi capnography, kuyeza carbon dioxide mumpweya wotuluka, kaya makinawo munawagwirapo kapena ayi. Yambani ndi muyezo woyenera, kenako onjezani chimene mungachite pamene chipangizocho palibe. Wotero amaoneka kuti amadziwa dziko lonse komanso amadziwa kwawo.

Luso limeneli silibwera powerenga chamumtima. Mutu umodzi susenza denga: pezani anzanu awiri kapena atatu, muzifunsana mokweza kawiri pa sabata, wotchi ili patebulo. Amene ali kutali, WhatsApp kapena Zoom ikukwanira. Dzijambuleni mawu pa foni n'kumvetsera. N'zochititsa manyazi, koma mudzamva nokha "eee" ndi "mwina" amene mumadzaza m'mayankho. Kenako pemphani katswiri amene mumamuopa kwambiri kuti akuyeseni. Kuli bwino akugwedezeni iyeyo Lachiwiri masana kusiyana ndi mlendo pa tsiku lenilenilo.

Ku OSCE, mayeso oonetsa luso, mumayenda m'masiteshoni a mphindi zochepa: kuyeza makina ogonetsera, kuwerenga ECG, kutsitsimutsa chidole, kufotokozera wodwala kuti avomere. Chitani mukulankhula, chifukwa woyesa amachonga zimene waona ndi kumva. Siteshoni ikakuvutani, isiyeni pomwepo belu likalira.

Kafukufuku musamusiye kumapeto

MMed imafuna dissertation, ndipo pali anthu amene anakhoza mayeso onse koma akukhalabe opanda digiri chifukwa cha iyo. Sankhani mutu m'chaka choyamba, waung'ono, woti ziwerengero zake zili m'fiyeta mwanu momwemo. Ku KUHeS chilolezo chimachokera ku komiti yovomereza kafukufuku, yodziwika kuti COMREC, ndipo simungatole kanthu musanachilandire, ndiye pulopozo ipite msanga.

Mukalephera, ndi mukakhoza

Kulephera kamodzi pa mayesowa si zachilendo, akatswiri ambiri amene mumawasirira anabwerezapo. Pemphani ndemanga za oyesa, khalani pansi ndi wokuyang'anirani, muone ngati chinavuta ndi kusadziwa kapena kusatha kufotokoza, pakuti mankhwala ake ndi osiyana. Fufuzaninso kuti koleji yanu imalola kubwereza kangati, ndipo gawo limene munakhoza limakhala ndi mphamvu kwa zaka zingati.

Mukakhoza, satifiketi payokha sikukupangani katswiri pamaso pa lamulo. Tengani mapepala anu onse, ngakhale a kunja, mupite nawo ku Medical Council of Malawi ku Lilongwe kuti akulembeni m'kaundula wa akatswiri, ndipo muyambe kusunga umboni wa CPD (maphunziro oonjezera muli pantchito) womwe adzaufune pokonzanso laisensi. Logbook ija musaitaye, chifukwa mukadzafuna kupitiriza ukatswiri wa ana, wa ICU kapena wa zochepetsa ululu, chinthu choyamba chimene adzakufunseni ndi chiwerengero cha odwala otere amene munawagonetsapo.