Musanatumize ndalama ya aganyu ku Chilwa, funsani pothera khasu

Ambiri a ife kuno ku Joni timalima ndi foni. Mwezi ukatha timatumiza marandi kumudzi, iyi ya feteleza, iyi ya aganyu, koma ndi ochepa amafunsa kuti khasulo likalekezera pati. Ndikulankhula makamaka ndi inu a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe amene minda yanu ili m'chigwa cha nyanja ya Chilwa.

Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Zonse zimene mitsinje ya Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe yanyamula kumtunda zimathera momwemo. Mitengo ikatha m'mapiri ndi makala, anthunso n'kulima mpaka m'gombe, mvula imakokolola dothi n'kukalitula m'nyanja. Nyanjayi idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adatsakamira pamatope ku Kachulu. Chilala ndicho chimaumitsa, inde, koma nyanja yokwiririka siipirira nthawi yaitali.

Njedza ndi bango za m'mbali mwa nyanja ena amaziona ngati tchire lofunika moto kuti pakhale mpunga. Si tchire ayi. Zimachepetsa liwiro la madzi osefukira, matope n'kudikha asanafike pakati pa nyanja. Ana a makumba, matemba ndi milamba amabisala ndi kudya momwemo, mbalame zimaikira momwemo, ndipo woluka mphasa amadula bango lake pomwepo. Mukatentha, mpunga mukolola ndithu, koma ndiwo muzigula.

Amene mumadutsa cha ku Lenasia mwaona bango la m'dambo la mtsinje wa Klip. Madzi oipa ochokera m'migodi ya golide ndi m'masuweji amadutsa mmenemo asanakafike mumtsinje wa Vaal, ndipo dambolo limagwirako zonyansazo. Ngati bango likugwira ntchito yotere pakati pa mzinda, nanji kwathu?

Tsono poimba foni nenani momveka. Pakati pa munda ndi mtsinje pasiyidwe mpata wa mamita 10 kapena 15 wosalimidwa. Pamene padalimidwa kale abzalepo vetiva, nsenjere kapena nsungwi, kenaka mitengo yokonda madzi monga mikuyu ndi katope. Munda ukakhala potsetsereka, mizere idule phiri motsata akalozera. Mlangizi wa m'dera lanu ali nayo njira yoyezera, apite akamuone. Mpunga alime pamalo akale kapena m'sikimu ngati ya Domasi ndi Likangala, osatsegula dambo latsopano. Feteleza asathire mvula yamphamvu ili pafupi, apo ayi marandi anu apita ndi madzi.

Wina akakuimbirani kuti pali malo otsika mtengo m'dambo, muyambe mwafunsa kuti madzi adafika pati nthawi ya namondwe Freddy mu 2023.

Ndalama ya aganyu muzitumiza pawiri. Gawo lachiwiri lipite mutaona chithunzi pa WhatsApp, chojambulidwa wojambulayo ataima m'gombe la mtsinje, akuyang'ana kumunda.