Kufufuza bwinja la makolo pa mapu akale

Agogo anga anabadwira kumapiri a ku Chididi, m'boma la Nsanje, asanatsikire kuno ku chigwa cha Shire. Bwinja lawo ndinalipeza ndi mapu a nthawi ya atsamunda, aja ojambulidwa kuchokera pa zithunzi za pandege. Ngati kusukulu kwanu kulibe, kafunseni ku ofesi ya Surveys ku Blantyre, mutchule kuti mukufuna a 1:50,000. Pa mapu amenewa masentimita awiri ndi kilomita imodzi.

Dzina la Nsanje mwina simulipeza. Yang'anani Port Herald, dzina lake lakale. Mukapapeza, gwirani njanji ndi chala, ija inafika ku Blantyre mu 1908, muitsate mpaka ku Chiromo. Njanji siyendayenda, ndiye poyambira pabwino.

Shire musamukhulupirire. Ine ndinataya tsiku lathunthu ndikuyeza kuchokera m'mbali mwa mtsinje, osadziwa kuti pamene mapu akuti madzi, lero anthu akulima mbatata. Nanga mtsinje wa Ruo uja sunasiye njira yake ndi madzi osefukira a 2015? Yezani kuchokera ku phiri.

Apa ndiye mufatse ndi mizere yofiirira ija. Mzere uliwonse umadutsa malo okwera mofanana. Ikathithikana, pamenepo ndi chiphedi, ndipo palibe anamangapo nyumba. Ikatalikirana pamwamba pa mtunda, makamaka pafupi ndi kamzere kabuluu ka mtsinje, ikani chizindikiro ndi pensulo: akale ankafuna pamalo pogona bwino, madzi ali pafupi. Timadontho takuda ndi nyumba. Onaninso m'munsi mwa pepala ngati manambala ali m'mafiti kapena m'mamita; akakhala mafiti, gawani ndi 3 kuti muyandikire mamita.

Mayina a midzi awerengeni mokweza. Mzungu ankalemba zimene khutu lake lamva, ndipo Chisena ndi Chimang'anja zinkamupita pambali. Komanso mudzi umatchedwa dzina la nyakwawa, ndiye anthu akasamuka dzina limasamuka nawo.

Tsiku lokwera, lawirani kaye kwa amfumu, mupemphe munthu wachikulire woti akuperekezeni. Pitani mu Ogasiti kapena Seputembala udzu utapsa, ndipo nyamukani mbandakucha chifukwa dzuwa la kuno mukulidziwa. Kumtunda kwenikweni malire ndi Mozambique amatsata msana wa phiri, musawoloke mosadziwa. Pansi yang'anani mapale, mphero ndi mitengo ya mango yokalamba. Ife tinapeza mphero ziwiri, ina yosweka pakati. Kamsitu kowirira kali pambali pake sitinalowemo. Agogo amene anatiperekeza anati ndi kumanda.