Kuphunzira za Chuma pa Koleji ya Zaka Ziwiri ku America

Ngati mukufuna kuphunzira za chuma pa community college (koleji ya zaka ziwiri) ku America, dziwani kuti pamafunika makirediti (mapointi omwe mumapeza mukakhoza phunziro lililonse) pafupifupi 60 kuti mulandire associate degree, yomwe ndi digiri ya zaka ziwiri. Yambani ndi microeconomics, yomwe imafotokoza mmene mabanja ndi makampani amasankhira zogula ndi zogulitsa, kenako macroeconomics, yokhudza kukwera kwa mitengo, ulova ndi chuma cha dziko lonse. Masamu musawazengereze, makamaka calculus ndi statistics, chifukwa mayunivesite ambiri amawafuna musanasamukireko kukalowa chaka chachitatu. Chaka choyamba chisanathe, kaonaneni ndi mlangizi wa pakolejipo kuti mutsimikize kuti yunivesite yomwe mukuifuna idzavomereza makirediti anu. Ku California, Associate Degree for Transfer, digiri ya ofuna kusamukira ku yunivesite, imakupatsani malo pa imodzi mwa sukulu za California State University, ngakhale kuti siikhala nthawi zonse yomwe munaisankha.